A ku Paris Sanaimbebe

— Halo? Halo! Ku Paris?

— Ku Paris kuti, ababa? Ndine Noémia.

— Aa, ndiwe.

— Ee, ndine. Pepani kuti ndine mwana wanu chabe.

— Iyayi, usatero. Waswera bwanji, mwana wanga?

— Ndaswera bwino, kaya inu?

— Tilipo. Bondo lokha ndi limene silikugwirizana ndi mphepo ya ku Setúbal kuno. Amuna ako?

— Ali bwino, akupereka moni.

— Ana?

— Wamng'onoyo chimfine, koma kusukulu wapita.

— Um'veke zofunda. Ku Lisbon kwazizira?

— Sindili ku Lisbon, ndili m'sitima. Ndikupita ku Braga, nyuzipepala yandituma kukalemba za masewero a lero. Ndikaduka mudziwe kuti ndi netiweki.

— N'chifukwa chake ukumveka ngati uli m'chitini.

— Mwadya?

— Mayi Ermelinda oyandikana nawowa anabweretsa msuzi wa kabichi ndi nsomba zowotcha. Mchere wake, ngati akufuna kundifutsa.

— Koma mwamaliza zonse.

— Ndikanatani? Kutaya?

— Mankhwala a m'maso mwadontheza?

— Ndadontheza, ndadontheza. Tamvera, tisachedwe. Iyi ndi foni ya m'nyumba, munthu akaimba apeza tikulankhula.

— Mukudikirabe a magazini ya mpira ya ku Paris aja.

— Novembala ndi uno, Noémia. Makasitanya, mtedza wa m'mitengo uja, ayamba kale kuwotchedwa pamsika, koma a ku Paris zii. Sizinachitikepo. Ku lesitilanti kwa Baltazar sindikumwanso khofi mwamtendere. Ndikangolowa: «A Sequeira, chaka chino mphoto ya mpira wagolide mukupatsa ndani?»

— Inu mumati chiyani?

— Ndimati dziko lililonse limavota ndi mtolankhani mmodzi, wa Portugal ndine, inu imwani khofi wanu asazizire.

— Ababa, ndiye nkhani yake…

— Akhala kuti asokoneza nambala. Chipumireni pantchito Lucien, amene ankandiimbira zaka zonsezi, kwadzaza tiana. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Taye ndasita kale.

— Taye yobiriwira ija?

— Inanso iti? Munthu savota wosewera wopambana onse atavala malaya ogonera.

— Ndikukumbuka. Mumadzitsekera kukhitchini ndi taye yanuyo, amayi n'kutithamangitsira panja kuti tisasokose.

— Ndikatuluka ndinkakugulirani makasitanya. Ukuiwala dala zimenezo.

— Sindikuiwala. Tinkapsa nawo zala. Koma ababa, ndimafuna…

— Ana a masiku ano akuyesa mphotoyi inayamba ndi mafoni. Inayamba mu 1956, ovota ochepa oti n'kukwana patebulo limodzi. Woyamba kuilandira anali Mngelezi wa zaka zopitirira makumi anayi! Lero munthu wa zaka zimenezo amamupatsa mpando wa pa tivi.

— Ndikudziwa, ababa.

— Goloboyi anailandira kamodzi kokha. Kamodzi! Wa ku Moscow uja, wovala zakuda. Kenako mu 1965 inabwera kwathu kuno, kwa mnyamata wobadwira ku Mozambique. Ine ndinali ndikungoyamba kumene ntchito. A Custódio, amene anadzandisiyira votiyi, analira pamaso pa tonse. Munthu wosalira ngakhale pamaliro.

— Mumandiuza chaka chilichonse.

— Ndipo chaka chilichonse imakoma. Nanga zaka zija anaika makochi ndi makaputeni kuti nawonso azivota? Ha! Ndinadwala nazo. Mwamwayi inabwerera kwa ife atolankhani. Ifeyo… Halo? Noémia? Halo?

— …ndilipo, ndilipo. Tinadutsa pakati pa mapiri. Mukundimva?

— Ndikukumva.

— Ababa, takhalani pansi.

— Ndakhala kale. Ukuganiza kuti ndi bondo ili ndingalankhule choimirira?

— A ku Paris anaimba.

— Anaimba? Liti? Ine sindinatuluke m'nyumba, kupatula kwa Baltazar. Mwina nthawi imene ndimasamba…

— Sanaimbe kwanu. Anaimbira ine. Lachiwiri.

— Oo, akufuna nambala yanga? Wawapatsa?

— Nambala yanu ali nayo.

— Nanga?

— Akuti kuyambira chaka chino akufuna mtolankhani amene akadali pantchito, amene akuyendabe m'mabwalo. Andipempha kuti voti ya Portugal ndiziponya ine. Ababa?

— Ndikumva.

— Amafuna kukuimbirani okha, mwaulemu. Ndinawapempha ndine kuti adikire, muyambe mwamva kwa ine.

— Lachiwiri. Lero ndi Lachisanu.

— Ndinkachita mantha. Ndinkatenga foni, n'kuibwezanso pansi.

— Ine ndikusita taye.

— Pepani, ababa.

— Ine ndikuthamangitsa Mayi Ermelinda kuti asachedwe pa foni yanga akamaimbira mwana wawo.

— Pepani.

— Wawayankha chiyani?

— Sindinayankhe. Akufuna yankho lero asanaweruke. Mukati ndikane, ndikana. Ndikunena zoona.

— Ukakana ibwerera kwa ine?

— Ayi. Akuti apempha Valdemar.

— Valdemar uti? Wa pa tivi uja? Wopaka mafuta m'tsitsi?

— Yemweyo.

— Mayo ine! Munthu amene amaonera mpira pa foni, zigoli zokhazokha, akudya! Amene anafunsa pagulu kuti otchinga kumbuyo amalandiriranji malipiro!

— Yemweyo, ababa.

— Koma andipeza ndi mlandu wanji ine? Ndinachedwetsapo voti? Ndinavoterapo munthu chifukwa ndi wa kwathu? Kupuma pa nyuzipepala si kufa. Kubwalo ndimapita. Mwezi wathawu tinali limodzi, iwe ndi ine, pampando wanga womwe uja.

— Tinali limodzi.

— Ndiye?

— Lamulo lanu loyamba mumati chiyani, limene a Custódio anakusiyirani?

— Usandiphunzitse malamulo anga.

— Tangonenani.

— Usavotere munthu amene sunamuone ndi maso ako.

— Tsiku lija, chigawo chachiwiri chonse, munkayamikira nambala sikisi. Mumati, «Taona mmene akutsekera mipata mnyamata uyu.»

— Ankatseka bwino.

— Nambala sikisi anatuluka pa hafu taimu, ababa. Anavulala. Amene analowa ndi wamtali, wadazi. Sikisi ndi wamfupi, wa tsitsi lofika m'mapewa. Sindinanene kanthu. Ndinangovomera kuti ee, akutseka bwino. Ndinakalirira m'galimoto.

— Ndiye unawauza a ku Paris.

— Ayi! Ndikulumbira pa manda a amayi. Sindinauze munthu, ngakhale amuna anga. Iwo za maso anu sakuzidziwa.

— Hmm.

— Dokotala anati chiyani kwenikweni? Musandiuze za madontho.

— Anati pakati pa diso pakufa. Za m'mbali ndimaona. Chimene ndachiyang'ana ndi chimene chimasowa. Pamakhala kamtambo.

— Kuyambira liti?

— Chaka chatha ndinavota ndikuona, usakayike. Zinayamba kukula nthawi ya Pasaka.

— Bwanji osandiuza?

— Kuti undilande makiyi a galimoto?

— Mukuyendetsabe galimoto?

— Sindikuyendetsa, koma makiyi ndi anga. Ndipo tamvera, ine mpira weniweniwo sindinkauyang'ana ndi kale lomwe. Ndinakuphunzitsa chiyani? Mpira ndi wa ana. Yang'ana amene alibe mpira, akuima pati, akuthamangira kuti. Tsopano Mulungu wangondichotsera mpirawo, wandisiyira za m'mbali. Mwina ndi pano pamene ndafika pokhala wovota weniweni.

— Ababa…

— Ukuseka?

— Ndikuseka, ndikuliranso. Bambo akhala moyang'anana nanewa akundidabwa.

— Asiye adabwe. Ndinkati ndivote kamodzi kotsiriza. Baltazar amandiuza zimene zikuchitika pa tivi, wailesi ndimamvera. Ndinkati zikwanira.

— Ikanakhala voti ya Baltazar.

— Ee. Ikanakhala voti ya Baltazar. Munthu amene amati aliyense wovala jezi yofiira ndi mngelo.

— Zikundiwawa, ababa. Sindinkafuna kuti ichoke kwa inu kudzera mwa ine.

— Nanenso zikundiwawa, sindikubisira. Novembala ndinkamudziwa ndi foni imeneyi. Chimwalirireni amayi ako, ndi foni yokhayo imene ndinkaidikira… kupatula yako.

— Mwakumbukira mochedwa.

— Ndakumbukirabe. Chaka chino waonera masewero okwanira? Pabwalo, osati pa kabokosi.

— Ndayenda, ababa. Ku Madrid, ku Turin, ku Liverpool. Mukudziwa, mumadandaula nokha kuti ana akukula opanda mayi.

— Unkayang'ana mpira?

— Ndinkayang'ana amene alibe mpira.

— Mvula ikugwa unakhala mpaka wenzulo yomaliza?

— Mpaka yomaliza. Munandizoloweretsa kunyowa ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri.

— Amayi ako anatsala pang'ono kundisiya chifukwa cha chifuwa chako chija.

— Ndiye ndiwayankhe chiyani?

— Ukufunsanso? Ukufuna dziko lonse livote ndi mafuta a m'tsitsi? Aimbire tikangomaliza. Uwauze kuti Sequeira wavomera. Usanene kuti uti.

— Zikomo, ababa.

— Usathokoze, si mphatso. Anthu adzakutukwana. Ukaika wa kwathu pamwamba, akunja ati wakondera. Ukapanda kumuika, kuno sudzagula buledi mwamtendere. Chaka china wometa tsitsi anandisiya mutu uli theka.

— Ndikukumbuka, munavala chipewa mpaka Khirisimasi.

— Taye ubwere udzatenge.

— Ine taye?

— Umange pa chikwama, kaya pati. Yasitidwa kale, isapite pachabe. Ana uwatulutse panja. Ukamaliza uwagulire makasitanya.

— Ndamva.

— Lamulo lachiwiri?

— Osauza munthu mpaka magazini itatuluka.

— Aliyense. Amayi ako ankandifunsa chaka ndi chaka. Ankandinyengerera ndi mpunga wa bakha, ankandiopseza kuti ndigona pabalaza. Osawauza. Novembala wawo womaliza, ali m'chipatala, anandikoka dzanja n'kunena kuti, «Aurélio, chaka chino chokha, wavotera ndani?»

— Simunandiuzepo zimenezi.

— Ndinatsala pang'ono. Dzina linafika pamlomo. Koma ndinati, «Odete, udzawerenga mu Disembala ngati wina aliyense.» Anaseka mpaka namwino anabwera. Akuti, «Ukanandiuza ndikanadziwa kuti basi, wanditaya.»

— Disembalayo sanafikeko.

— Sanafikeko. Koma tsiku limenelo anadya chakudya chonse. Usalire m'sitima, anthu aganiza kuti timu yako yagonja.

— Ndasiya.

— Chabwino. Tsono… pakati pa iwe ndi ine. Osewera asanu oti uwavotere uli nawo kale m'mutu, ndikudziwa. Woyamba ndani?

— Ababa!

— Ine si munthu wamba, ndine wovota mnzako. Wopuma.

— Ayi.

— Chabwino, dzina usanene. Ungonditsimikizira kuti goloboyi alipo. Ngakhale pa nambala faifi.

— Ayi, ababa.

— Ndine bambo ako. Ndine wokalamba, maso akupita. Ungotsokomola kamodzi ngati alipo.

— Sinditsokomola. Mudzamva mu Disembala ngati wina aliyense.

— Ha! Mwana wankhanza iwe.

— Ndinatengera kwanu.

— Koma magaziniyo amalemba timalemba ting'onoting'ono. Sindidzatha kuwerenga.

— Ndidzabwera nayo ndine. Tidzakhala kwa Baltazar, ndidzakuwerengerani mokweza, dziko ndi dziko, mpaka tifike pa Portugal. Mukadzapeza kuti ndalakwitsa mudzandikalipire pamaso pa onse.

— Ndidzakukalipira ndithu.

— Ndikudziwa. Ababa, tikulowa m'phanga, iduka tsopano. Madontho a madzulo musaiwale.

— Pita, pita, aimbire asanatseke ofesi. Uwapatse moni ana.

— Ndikaimbanso ndikafika.

— Imba nthawi iliyonse, tidzacheza mpaka utatopa. Foniyi tsopano ilibe woidikira. Noémia? Wamva? Ndati taye ija usaichape ndi madzi otentha, imasuluka… Halo? Halo?