Foni ya Veronika Inalirira Panyanja ya Chiuta

Abale ndi alongo anga mwa Ambuye, landirani moni nonse amene mukuwerenga pano. Ine ndine mayi a Tadala, ndimakhala ku Utale kuno ku Balaka. Sukulu ndinalekezera sitandade seveni, ndiye mukaona polakwika mungondikhululukira. Ndafuna ndikuuzeni za mng'ono wanga Veronika, mmene malo ake a ku yunivesite anatipulumukira m'manja, ndi mmene Mulungu anatichitira chifundo ife titasiya kale kuyembekezera.

Amayi athu anamwalira Veronika akuyamba kumene sukulu. Bambo anali atapita kale kukakwatira kwina. Ndinasiya sukulu kuti ndimulere, ngakhale kuti nanenso ndinali wofunika kuleredwa. Yunifomu anali nayo imodzi, ndipo nthawi ya mvula ndinkaiumitsa pamoto, iye n'kumapita kusukulu akununkha utsi. Sankadandaula. Nditakwatiwa n'kubereka Tadala, amuna anga anamutenga ngati mwana wathu woyamba.

Folomu folo anakhoza bwino kwambiri, koma mayina a ku mayunivesite a boma atatuluka, lake panalibe. Asisitere a ku parishi kwathu anati ayesere ku yunivesite ya Akatolika. Anatichenjeza kuti kumeneko ofuna malo ndi ambiri, otengedwa ndi ochepa, koma akangomutenga iwo ali ndi anthu akufuna kwabwino omulipirira. Polembetsa panafunika nambala ya foni. Pakhomo pathu foni ndi imodzi, ya amuna anga, ndiye analemba imeneyo. Amuna angawo kwawo ndi kwa Kawinga. Kuno ali pachikamwini, koma nthawi ya nsomba amabwerera kukawedza ku Chiuta, ndipo foni imapita nawo chifukwa ogula nsomba amawapezera pomwepo. Palibe aliyense wa ife amene anaziganizira zimenezi.

Mayina a ku yunivesite ya Akatolika aja atatuluka, Veronika panalibenso. Sanalire pamaso panga. Anangotenga mabuku ake onse, kuwaika m'thumba la feteleza, n'kulimanga ndi luzi. Kukwaya anasiya. Ndikamutuma kumjigo ankadikira anzake achokeko kaye. Chakudya ankangochigwiragwira, mpaka Tadala, mwana wosadziwa kanthu, ankamutengera mbatata yake kukamupatsa kuchipinda.

Apa m'pamene amalume analowererapo. Kwathu kuno mwini mbumba ndi iwowo, akanena anena. Anabwera ndi nkhani ya bambo wina wobwera ku Joni, wamkulu ndithu, wa golosale pa Balaka. Amalumewo anati, "Sukulu yamukana kawiri, ndiye azidikira chiyani? Azikalambira pakhomo pako?" Ankhoswe anayamba kuyenderana, tsiku la chinkhoswe linapanganidwa. Veronika anandiuza kuti, "Achemwali, musavutike nane, mwavutika kokwanira. Ndingopita." Mawu amenewo anandipweteka kuposa maliro a amayi.

Ndinkapemphera kolona tsiku lililonse, ndipo amayi anzanga a mumphakati ankabwera kudzapemphera nane. Koma ndinene zoona, mtima unali utauma. Ndinafika pomufunsa Mulungu kuti, ngati mumadziwa kuti mathero ake ndi amenewa, munandichotseranji ine pasukulu? Bwenzi mmodzi wa ife ataphunzirako.

Tsiku lina masana ndikupeta chimanga, ndinaona kabaza awiri akuima pabwalo. Pa woyamba panatsika mayi wovala mpango wa Chisilamu amene sindinkamudziwa. Pa wachiwiri panatsika amuna anga, nthawi ya nsomba isanathe, opanda nsomba ngakhale imodzi. Sanandiyang'ane. Ndinaganiza kuti kwawo kwagwa maliro. Mayi aja anati iwo ndi Abiti Jafali a ku Liwonde, amagula nsomba kwa bambo a Tadala. Kenaka anawatembenukira n'kuti, "Nenani nokha, achimwene. Ine ndangokuperekezani kuti musathawire m'njira."

Zimene zinachitika ndi izi. Ali panyanja, pafoni panalowa uthenga wa Chingerezi wokhala ndi dzina la Veronika. Inu mukudziwa mmene akuba a pafoni atisautsira, aja timati a kundende, lero akuti mwawina, mawa akuti mwana wanu wagonekedwa kuchipatala. Amuna anga anaufufuta. Kenaka munthu anaimba, akulankhula mwaulemu, kuti malo apezeka ndipo Veronika akaonekere msanga. Iwo anamuyankha kuti, "Iwe, ukadya ndiwo zakundendezo uzigona, usamavutitse anthu olimbikira." Anamutukwana, n'kutseka nambalayo kuti isadzaimbenso. Kwa ine sananene kanthu, ati poopa kutsegula bala la mwana.

Patapita masabata, ankasimba nkhaniyi padoko modzitama, asodzi anzawo akuseka. Abiti Jafali, amene ankayanika matemba pafupi, sanaseke. Anawafunsa ngati munthuyo anapempha ndalama. Iyayi. Anawafunsa ngati anatchula mayina onse a mwana ndi maphunziro amene anasankha. Eya, anatchula. Mayiwa mwana wawo wamkazi anaphunzira ku yunivesite ya Akatolika yomweyo ngakhale ali Msilamu, ndipo nayenso anachita kuimbiridwa foni mochedwa, chifukwa otengedwa ena akalephera kubwera, amaitana amene anatsala pamzere. Anasiya nsomba zawo m'manja mwa anthu, n'kuwakweza amuna anga minibasi.

Atamaliza kufotokoza, amuna anga anagwada pamaso pa Veronika. Munthu wamkulu, kugwadira mlamu wake wamng'ono, misozi ili chuchuchu. Anati, "Alamu, ndimayesa ndikukutetezani." Veronika anangolowa m'nyumba.

Tinathamangira kwa bambo mfumu, ndipo iwo anaimba foni ku yunivesite ife tili pompo. Ndinkaona nkhope yawo ikugwa. Malo aja anali atapatsidwa wina, poti ife sitinayankhe. Anangoti dzina alisunga, mwina wina akapanda kufika sukulu ikatsegulidwa, koma tisadalire. Abale anga, kusowa chinthu kumapweteka, koma kumva kuti chinafika pakhomo pako ndipo unachipirikitsa wekha, ululu wake ndi wina. Abiti Jafali potsanzika anandigwira dzanja n'kuti, "Inu pempherani kwanuko, ine ndikapemphera kwathu. Insha Allah, mwanayu sakwatiwa chaka chino."

Chinkhoswe chinali chitayandikira. Ine chibadwire sindinayankhepo amalume, koma ndinapita, ndinakhala pansi, n'kuwauza kuti Veronika adikira. Anandifunsa ngati ndili ndi malo m'manja. Ndinati ndilibe. Anati, "Ndiye ukundichititsa manyazi kwa ankhoswe chifukwa cha mphepo? Kuyambira lero mbumba uziyendetse wekha." Dimba la amayi limene tinkalimamo masamba anatilanda, n'kupatsa ana a achemwali awo ena. Anthu m'mudzi ankati ndamuphera mwana banja chifukwa cha nsanje.

Amuna anga kunyanja sanabwerere. Anayamba maganyu oumba njerwa, foni n'kundisiyira ine atatsegulanso nambala anaitseka ija. Ndinkaimanga pansonga ya chitenje, kumunda nayo, kumjigo nayo, ngakhale ku Misa sindinkaizimitsa, Ambuye andikhululukire. Ikalira, ndinkaimasula msangamsanga, koma ankakhala ogula nsomba. Sukulu inatsegulidwa, ife osamva kanthu. Ndinasiya kupempha malo. Ndinkangoti, Amayi Maria, ngati ndalakwitsa moyo wa mwanayu, mundipatse mphamvu zoti ndizimuyang'ana m'maso.

Inalira ndili pachigayo. Ndinathamangira panja ufa uli m'manja monse. Anali mawu a bambo wina wa ku yunivesite, ofatsa. Anati mtsikana wina sanabwere, ndiye Veronika afike sabata yomweyo. Kenaka anafunsa kuti, "Kodi bambo aja a ndiwo zakundende alipo?" Ndinayamba kupepesa ndikulira. Iwo anaseka n'kuti, "Musadandaule mayi, si oyamba. Muwauze kuti ndinagona bwino."

Tinamuperekeza Veronika mpaka pa Liwonde, pamene Abiti Jafali anatidikira ndi kathumba ka nsomba zouma zoti mwana akayambire. Veronika asanakwere, anapita kwa alamu ake n'kuwagwira dzanja. Kanali koyamba kuwalankhula chichitikireni zija.

Sindikunamizani kuti zonse zinakhala bwino. Dimba silinabwerere. Amalume mpaka lero sapondako pakhomo panga, ndipo Tadala atadwala malungo sanabwere kudzamuona. Ndimawapemphererabe. Nyumba nayo inakula, poti munthu amene ndinamulera chiyambire ubwana wanga kulibe, ndipo nthawi zina ndimapezeka ndatenga mbale yake.

Koma ndikuthokoza Mulungu amene anatuma mayi wa chipembedzo china kusiya malonda ake chifukwa cha mwana amene sanamuonepo. Ndikuthokoza asisitere, bambo mfumu, ndi amayi a mumphakati amene ankapemphera pamene ine pakamwa panali patauma. Inu amene mwana wanu dzina lake silinatuluke, ndipo achibale ayamba kumupangira zina, musafulumire kumupereka. Pirirani pang'ono, ngakhale akusekeni. Ine ndinadikira ndilibe kanthu m'manja, ndipo lero Veronika ali m'kalasi. Ambuye Yesu atamandidwe.