Dzina limene Mayi Nontsikelelo anabisa

Abale ndi anansi, Lachiwiri lapitali pakhomo pano panafika mayi wina wotsimphina, wa chipsera pamphumi. Sananene kumene achokera. Anangotenga mpeni, nakhala ndi amayi osenda mbatatesi. Atafunsidwa dzina anati ndi Vuyiswa, ndipo azakhali ena anaseka, nati nawonso ndi Sajeni wa pakanema. Sungani zimenezi mumtima pamene ndikuwerenga mbiri iyi.

Malemu Mayi Nontsikelelo Mbekeni anaona dzuwa pa 14 Malichi 1971 kuno ku Cofimvaba. Anali achitatu mwa ana asanu. Anaphunzira konkuno, kenaka ku Komani, kumene anatenga satifiketi ya uphunzitsi mu 1993.

Mu 1996 anasiya choko, napita ku Johannesburg kukalemba masewero a pa wailesi ya kanema. Agogo ankati mwana wawo akulipidwa chifukwa cha bodza. Koma malemuwa sankalemba zimene sanazione ndi maso. Lamulo lawo linali limodzi: nkhani ikhale yoona, dzina likhale lopeka.

Mu 2007, pokonza sewero la apolisi ofufuza milandu, anakacheza ku chipatala china. Anapezako mayi amene anamenyedwa ndi anyamata anayi, natayidwa m'ngalande, chifukwa chokonda mkazi mnzake. Apolisi anali atataya kale fayilo yake. Malemu anakhala pambali pa bedi lija masabata asanu ndi limodzi.

Sewerolo linaonetsedwa mu 2009. Tonse tikukumbukira Sajeni wamakani uja, amene anakana kutseka mlandu wa Vuyiswa mpaka olakwa atamangidwa. Tinalira nalo, osadziwa kuti Vuyiswa weniweni sanaone chilungamo chotero. Chimene anapeza ndi munthu womudikirira pachipata tsiku lotuluka m'chipatala.

Malemu sanakwatiwe mwa mwambo wathu. Amalume ankawaseka Khrisimasi iliyonse kuti khola la ng'ombe za malowolo lamera udzu. Iwo ankangomwetulira, nabwerera ku Johannesburg msanga ngati asiya mphika pamoto.

Mu Juni 2023 anawapeza ndi khansa ya m'mawere. Tikapita kukawazonda tinkawapeza atasambitsidwa, tsitsi lolukidwa bwino, ndipo ankati ndi anamwino. Anatisiya pa 2 Novembala 2024, ali ndi zaka 53.

M'chikwama chawo tinapezamo kalata. Analembamo kuti dzina lina analibisa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri pofuna kuteteza mwini wake, ndipo anapempha kuti litchulidwe lero pamodzi ndi athu, ngati mwini dzinalo alola. Banja linakhala pansi masiku awiri, ndipo sitinamvane msanga. Agogo ndiwo anadula nkhani. Anati munthu amene anasambitsa mwana wawo sangasende mbatatesi panja, malo ake ndi pamatiresi a ofedwa, pambali pawo. M'mawa uno tamufunsa mayi wotsimphina uja, ndipo wavomera.

Tikuthokoza a mpingo, a bungwe la maliro, anzawo a kuntchito, ndi inu nonse amene mwatigwira dzanja.

Azakhali athu, gonani mumtendere, pakuti chimene munapempha chachitika. Malemu asiya mayi awo, Agogo Nosipho, alongo awo awiri, mng'ono wawo mmodzi, ife adzukulu asanu ndi atatu, ndi wokondedwa wawo wa zaka zonsezi, amene akhala apo atagwirana dzanja ndi Agogo, Mayi Bulelwa Sityebi.