Bambo Ekow Bentsil, Amene Tawalira Kawiri

Malemu bambo Ekow Bentsil anabadwa m'chaka cha 1951 kuno ku Saltpond. Sukulu anaphunzira ku Cape Coast, ndipo mu 1978 anamanga banja ndi mayi Efua Quansah. Anali a Methodist, oyimba kwaya ndi mawu aakulu kuposa luso.

Ine ndine Kobina Arhin, mnzawo wa kuntchito. Mu 1989 tinkagulitsa ku Accra pulogalamu ya kompyuta yolembera makalata, koma ogula kunalibe. Malemuwa, pokhala munthu wanthabwala zopyola muyeso, anabwereka bokosi lamaliro, nagonamo atavala suti, taipilaita ili pachifuwa. Wojambula ndinali ine, Mulungu andikhululukire. Chithunzicho tinachiika m'nyuzipepala, patsamba la zamaliro, ndi mawu akuti, "Yawapha ndi taipilaita. Akanagula pulogalamu yathu, bwenzi ali moyo."

Pulogalamu inagulidwa ngati makala nthawi yamvula. Koma kumudzi kuno mawu a m'munsiwo anawerenga ndani? Abale anadzaza malole awiri, atavala zakuda ndi zofiira, kulira njira yonse. Ku Accra anakapeza malemu akudya kenkey, nsima yathu ija, ndi nsomba. Mayi awo anakomoka pomwepo.

Alongo awo aakulu, mayi Araba, anati, "Ekow, chitsiru iwe! Maliro ako talira lero, tamaliza. Ukadzafa zenizeni, adzakuike ndi makompyuta akowo."

Panapita zaka makumi atatu ndi zisanu mawuwo asanabwezedwe. Atagwidwa ndi matenda a impso chaka chatha, malemuwa sankaopa imfa. Ankaopa kuikidwa ku Accra pakati pa alendo, kutali ndi manda a mayi awo.

Atamwalira, thupi linakhala masabata asanu ndi awiri kumalo osungira mitembo, abale ali chete. Ndinabwera kuno katatu, botolo la mowa wopepesera lili m'manja. Kachitatuko mayi Araba anati akufuna akaone okha. Anafika, anakoka khutu la malemu mwamphamvu, nadikira. Kenako misozi inatsika.

Anati, "Ulendo uno sakunama. Bweretsani mwana wa mayi anga kwawo."

Abale inu, tsiku limenelo mtima wanga unakhala pansi. Zikomo pobweranso.

Malemu asiya mkazi, ana anayi, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndi alongo awo mayi Araba, amene akhala kutsogoloku kuyang'anira bokosi.

Apumule mu mtendere, pafupi ndi mayi awo.