Mayi Dinah Chagunda ndi Yankho Limene Ankalidikira

Malemu Mayi Dinah Chagunda, NyaMsowoya kwawo kobadwira, anabadwa pa 14 Malichi 1969 ku Bolero m'boma la Rumphi. Anali achitatu m'banja la ana asanu. Ine ndaima panoyu ndine Amosi Chagunda, mng'ono wa amuna awo. Abusa, akulu a mpingo, amayi a Umanyano, mafumu athu muno mu Kawale ndi inu nonse anamalira, mundikhululukire, chifukwa mbiri iyi itchula matenda ndi dzina lake. Ndikudziwa kuti pamaliro timangoti munthu anadwala nthawi yaitali, n'kusiyira pomwepo. Koma alamu anga anandigwira dzanja ali m'chipatala n'kundilamula kuti ndisabise kanthu, ndipo inu amene munkawadziwa mukudziwa kuti mayi amenewa sankatsutsika.

Sukulu anayamba mu 1976 kwawo komweko, ndipo mu 1985 anasankhidwa kupita ku sekondale. Anangolekeza Folomu 2. Mayi awo, agogo NyaKalua, anayamba kudwala: miyendo kutupa, maso chikasu, mimba kukula ngati ya munthu woyembekezera. Mtsikana wamkulu pakhomo anali iwo, choncho anasiya sukulu kuti akadwazike matenda. Agogo anamwalira mu 1987, ndipo pamaliro pawo panangonenedwa kuti anavutika m'mimba.

Mu 1988 malemu anabwera kuno ku Lilongwe kudzakhala ndi achimwene awo, Bambo Gordon Msowoya, ku Area 25, ndipo kumeneko ndi kumene anaphunzira kusoka. Akulu anga a Misheck, amene nthawi imeneyo ankayendetsa lole, anapita kwa telala watsopanoyu ndi buluku long'ambika. Linasokedwa bwinobwino. Chodabwitsa n'chakuti sabata ikangotha, buluku lomwelo linkang'ambikanso pena. Mapeto ake malemu anawauza kuti ngati ali ndi mawu angonena, asachite kumaliza nsalu. Ukwati unadalitsidwa pa 22 Ogasiti 1992, ndipo banja linakhazikika muno mu Kawale. Mulungu anawapatsa ana atatu: Emmanuel mu 1993, Tisunge mu 1996, ndi Lusayo mu 2003.

Ife a ku Dowa tinalandira mlamu wochokera ku mpoto, ndipo sitinadandaulepo. Chichewa anachidziwa mpaka kutiposa eni akefe, kungoti akakwiya chinkawathawa n'kutsala Chitumbuka chokhachokha, ndipo ana ankadziwa kuti zikafika pamenepo ndi bwino kukasaka tsache. Zaka zoposa makumi awiri anakhala pakhonde pafupi ndi msika wa Kawale, tepi ili m'khosi, phazi lili pa makina. Ambiri mwa inu munapita ku sukulu mutavala yunifolomu yosokedwa ndi manja awo, ndipo mabulauzi oyera amene amayi a Umanyano avala lerowa ambiri ndi awo. Pa muyeso sankanyengerera munthu. Ine ndikawauza kuti asoke monga chaka chatha, ankandiyang'ana pamimba n'kundifunsa kuti chaka chatha cha ndani.

Mu 2004 achimwene awo a Gordon anamwalira, ndipo anadwala ndendende ngati mmene anadwalira mayi awo. Madokotala atatchula chiwindi, anthu anayamba kunong'onezana kuti a Gordon, amene anali mkulu wa mpingo, ankamwa mobisa. A Gordon mowa sankaudziwa n'komwe. Mawu amenewo anawapweteka alamu anga kuposa maliro eni ake, ndipo anakhala nawo mumtima zaka zambiri.

Mu 2020 inafika nthawi yawo. Anayamba kutopa msanga, mapazi kutupa moti kupalasa makina kunkawavuta. Kuchipatala anawapeza ndi kachilombo ka hepataitisi B, kamene kamakhala m'magazi n'kumadya chiwindi mwakachetechete kwa zaka zambiri munthu akuyenda bwinobwino. Chiwindi chikavulala chimapola ndi chipsera, chikavulalanso chipsera china, mpaka chonse chimauma n'kulephera ntchito. Iwo ankatifotokozera mwa utelala: ankati ndi ngati malaya amene waika chigamba pamwamba pa chigamba mpaka singano kukana kulowa. Manong'onong'o aja anabweranso, ndipo ena anafika powafunsa amuna awo ngati mayi amalawako. Mayi amene thobwa likangogonera ankalitaya!

Mu 2021 madokotala ochita kafukufuku wa matenda a chiwindi anawapempha kuti alowe nawo. Sanawanamize. Anawauza kuti mankhwala angathe kugonetsa kachilomboko, koma zipsera za zaka zonsezo sizingachoke zonse, ndiponso kuti phindu lalikulu la kafukufukuyo lidzapita kwa ena obwera m'mbuyo. A Misheck anakayika, ndipo ine ndemwe ndinamvapo anthu akuti amenewo amangofuna magazi. Malemu anayankha kuti magazi awo akhala akuwasunga zaka makumi asanu ndipo taonani zimene awachita, bola ena aphunzirepo kanthu.

Kuyambira pamenepo ankamwa piritsi limodzi tsiku lililonse, ndipo kawiri pa chaka ankapita kukayezedwa. Tsiku limenelo ankachoka osadya kanthu, ngakhale tiyi, ndipo nyumba yonse inkadziwa chifukwa ankadandaula kuyambira pakhomo mpaka pa siteji. Kumeneko ankawagoneka chagada, dzanja lamanja kumutu, n'kuwagunditsa kachipangizo pakati pa nthiti. Kankagogoda pang'ono, osapweteka, ndipo makina ankaonetsa nambala ya mmene chiwindi chaumira. Kale kuti adziwe zimenezo ankachita kubaya ndi singano n'kutapako kanyama. Ankawatenganso magazi, chifukwa madokotalawo ankafuna kuona ngati kuyeza magazi kokha kunganene zofanana ndi makinawo, kuti anthu a kumudzi, kumene makina otere kulibe, azidziwika msanga. Mfundo imeneyi inawagwira mtima kwambiri, poti ankakumbukira mayi awo ku Bolero. Nambala ikatsikako ankabwera akuimba. Ikakwera ankati makinawo sanagone bwino.

Koma tsiku lina anafunsa funso limene linasintha zonse. Anafuna kudziwa kuti kachilomboko anakatenga kuti. Anawauza kuti anthu ambiri kuno amakatenga ali makanda, nthawi zambiri kwa mayi awo pobadwa, mayiyo osadziwa kanthu. Anabwerera kunyumba, ndipo kwa masiku angapo makina osokera anakhala ovundikira. Kenako anatenga ana awo onse atatu, akuluakulu kale, n'kupita nawo kukayezetsa ngati akupita nawo ku sikelo. Anyamata awiriwa anapezeka alibe. Tisunge anapezeka nako, ndipo iye mwini wandilola kuti ndinene zimenezi pano. Alamu anga ndinawadziwa zaka zambiri, koma kulira kwa tsiku limenelo sindinakuoneko. Ankangoti agogo anapatsa iwo, iwo apatsa mwana wawo, ndipo zimenezi zithere pomwepa.

Mu 2023 Tisunge anakwatiwa ndi a Leston a ku Kasungu, ndipo posakhalitsa anaima. Mwambo wathu mukuudziwa: mayi sakamba za pakati ndi mwana wobereka yekha, zimenezo ndi za alangizi, ndipo mpongozi ndi mkamwini sayang'anana m'maso. Akuchimuna, mwa chikondi ndithu, anakonza zoti Tisunge akalangizidwe kumudzi n'kukachirira komweko. Koma a kafukufuku anali atanena kuti mwana angathe kutetezeka ngati mayi akumwa mankhwala miyezi yomaliza, ndiponso ngati khandalo labayidwa katemera tsiku lomwelo lobadwa, ndipo iwo anali okonzeka kuthandiza ngati Tisunge achirira kuno. Malemu anavula manyazi onse. Anamuitana mwana wawo kuchipinda n'kukamba naye okha. Anawakhazika a Leston pampando, maso ndi maso, mpaka mkamwini kusowa koyang'ana. Kenako, miyendo ili chotupa, anakwera minibasi mpaka ku Kasungu, nakagwada pamaso pa asewere awo kupempha kuti malangizo achitike monga mwa mwambo, koma mwana abadwire ku Lilongwe. Ena anati mayi a m'tauni alibe mwambo. Koma asewere athu anamva, ndipo anavomera.

Pa 19 Juni 2024 kunabadwa mtsikana, Luntha, ndipo dzuwa lisanalowe anali atabayidwa katemera uja. Agogo ake anamusokera timadiresi tochuluka kuposa masiku ovala. Koma madokotala anati kuti atsimikize ngati mwanayo wapulumuka, ayenera kudikira akwanitse chaka, ndipo anapereka tsiku lodzamuyeza magazi. Kuyambira pamenepo alamu anga ankakhalira tsiku limenelo. Aliyense wobwera kudzawaona ankamuuza za ilo, ngakhale wobwera kudzatenga siketi yake.

Chaka chino chitangoyamba thupi linayamba kugonja. Mimba inkadzaza madzi, ndipo ankapita kukawapopa pafupipafupi. Kusoka anasiya mu Febuluwale. Mu Meyi anasanza magazi n'kugonekedwa m'chipatala, anatulukako, n'kubwereranso pakati pa Juni. Ngakhale pamenepo, madokotala achinyamata akabwera kudzaphunzira pa iwo, ankawalola ndi mtima wonse, kwinaku akuwauza kuti makolala a malaya awo anasokedwa mokhota. Anamenya nkhondo kuti afike pa tsiku la mdzukulu wawo, ndipo anatsala pang'ono. Anatisiya masana a Lamlungu pa 22 Juni 2025, amuna awo ali pambali, ali ndi zaka 56. Tsiku la Luntha linali Lolemba.

Malemu asiya amuna awo Bambo Misheck Chagunda, ana atatu, zidzukulu zitatu, ndi abale awo awiri otsala, Bambo Joe ndi Mayi Ireen, amene afika kuchokera ku Rumphi. Kwa abale onse a kuchikazi, uthenga wa malemu ndi woti musakwere basi yobwerera musanayezetse, ngakhale mukudzimva kuti muli bwino.

M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamala, makamaka a kafukufuku, amene sanawabisire chilichonse ndipo ena mwa iwo tili nawo pano. Ndikuthokoza amayi a Umanyano amene ankasinthana kuchipatala, matelala anzawo a pamsika, achinyamata a kwaya, adzukulu okumba manda, aneba athu muno mu Kawale, ndi asewere athu a ku Kasungu amene anamvera pempho lovuta.

Chatsala chinthu chimodzi. Dzulo m'mawa ambiri munamuona Tisunge akutuluka m'nyumba ya siwa, mwana ali kumbuyo, malemu ali chigonere, ndipo ndikudziwa kuti ena zinakukhumudwitsani, poti mwana wa malemu sachoka pamaliro. Musamuweruze. Mayi ake anamuuza pamaso pa tonsefe kuti ngakhale iwo atakhala ali m'bokosi, tsiku la Luntha lisaphonyeke. Anapita akulira, ndipo mwanayo anayezedwa. Yankho analandira dzulo lomwelo, koma banja linagwirizana kuti linenedwe pano, malemu asanatuluke pakhomo pawo komaliza, chifukwa ndi iwo amene analivutikira.

Alamu anga, NyaMsowoya, tamverani. Luntha alibe kachilombo. Zathera pomwe munanena paja.

Gonani tsopano, mayi, palibenso choti mudikire. Ambuye amene munawatumikira akulandireni, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.