Liwu Limodzi pa Foni

Pa siteji ya basi ya pa Lafayette Road, kutsidya kwa nyanja, mayi wina wachikulire anakhala atazyolika, thumba la mpunga lili pamapazi. Mtsikana wovala yunifolomu ya unesi anamumva akudandaula m'Chichewa, ndipo anasendera pafupi.

"Mayi, pabulauzipo pakuoneka magazi. Mwatani?"

"Dzana anandidula kanyama kubereku, akuti akayeze ngati ndi khansa."

"Ndiye mwanyamula thumba lonseli? Sanakuuzeni kuti musanyamule zolemera kwa masiku angapo?"

"Anandiuza. Koma wosamala bala ndi amene akhala ndi moyo. Ine ndikufuna ndiwasiyire ana chakudya m'nyumba."

"Musalankhule choncho. Panikizani pabalapo ndi dzanja, mwamphamvu. Kutupa ndi kuda kwa khungu kumachitika, pakatha sabata imodzi kapena ziwiri kumatha. Magaziwa akapanda kusiya, tibwerera kuchipatala. Zotsatira zatuluka?"

"Zafika pafoni m'mawa uno. Alemba kuti begin. Yayamba, mwanangu. Ndaimba kale ku Ntcheu, panopa anthu akulira."

"Adokotala mwalankhula nawo?"

"Ndilankhule nawo chiyani? Chingerezi ndimawerenga ndekha."

"Tandionetsani foniyo."

"Ndi iyo. Usandinyengerere, ndine munthu wamkulu."

"Mayi, liwuli si begin ayi. Taonani bwino malembowa, alemba kuti benign."

"Ndiye kuti chiyani? Usandibisire!"

"Ndiye kuti chotupacho si khansa."

"Tabwereza."

"Si khansa, mayi. Awa ndi mawu a adokotala anu, si anga."

"Ndiye tandinyamulira thumbali, mwanangu. Adokotala anati ndisanyamule zolemera."