Masiku Anayi Kumalo Opanda Netiweki

Omvera anzanga, ine ndimakhala kutsidya kwa nyanja kuno, mumzinda wa Silver Spring, ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Chaka chatha anzanga akutchalitchi ananditenga kukagona m'matenti kuchipululu, kumadzulo kwa dziko lino, komwe kuli zigwa zakuya za miyala yofiira.

Kumudzi sindinawauze. Ndinachita manyazi, poti kwathu wogona m'tenti ndi munthu amene madzi amugwetsera nyumba. Amayi ndinangowanamiza kuti, "Sabata ino ntchito yandichulukira."

Kuchipululuko kunalibe netiweki. Masiku anayi ndinkangokwera miyala, kuseka ndi kujambula zithunzi.

Pobwerera, titangofika pamsewu waukulu, foni inayamba kulira osalekeza. Uthenga womaliza unali wa mng'ono wanga: "Achemwali, tadikira tatopa. Amayi tawaika dzulo."

Pakati pa mauthengawo ndinapeza mawu a amayi, ali kuchipatala, akupuma movutikira: "Mwana wanga, ndikudziwa uli pantchito. Usavutike. Ukaweruka undiyimbire."

Anzanga, kulikonse kumene mukupita, auzeni zoona abale anu. Ine mpaka lero ndikaweruka ndimatulutsa foni m'chikwama, koma amene anati ndiwayimbire kulibe.