Anandimangira nyimbo ya pamsika

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wochokera kuno kwa Kaduya. Ine ndinagonapo m'chitokosi ndili ndi mwana wakubere, ndipo mtima wanga sunapolebe.

Zipani zambiri zitangoyamba, ife ogulitsa pamsika tinagwirizana zoleka kudula ziphaso, chifukwa msonkho ankatolera tsiku ndi tsiku koma pamsikapo panalibe ngakhale chimbudzi. Ine ndinkagulitsa nyemba za kalongonda. Poti kutchalitchi ndine woyambitsa nyimbo, tsiku lothamangitsa wodulitsa ziphaso, a Namakhwa, amayi anzanga anati ndiyambitse, iwo azivomera. Anyamata anawonjezapo miyala.

M'mawa mwake kunabwera asilikali ndi mfuti komanso utsi wokhetsa misozi, kudzalimbana ndi ife a tomato ndi usipa. Atafunsa mtsogoleri, anzanga omwe ankavomera nyimbo aja analoza ine. Anandiponya m'galimoto, mwana wanga Esnati n'kutsala ndi amayi anga. M'chitokosi mabere ankatupa, mkaka n'kumanyowetsa bulauzi. Ndinapemphera mokalipa, kumufunsa Mulungu ngati anali m'tulo.

Kukhoti anandiwerengera mlandu woyambitsa zipolowe. Mboni ya boma inali a Namakhwa, bandeji ili kumutu, ndipo ndinangoti basi, ndapita. Koma iwo anati, "Nyimbo anayambitsa ndi mayiwa, zoona, ndipo inali yonditukwana. Koma miyala itayamba, ndi iwowa amene anandifunditsa chitenje n'kuima patsogolo panga." Woweruza anandimasula, anyamata aja n'kupita kundende.

Ndinafika kunyumba ndikuthamanga, koma amayi anandiletsa kuyamwitsa. Anati mkaka wogonera masiku chotero umakhala utawonongeka, ungadwalitse mwana. Esnati ankafunafuna bere akulira, ine n'kumamukakamiza phala. Zimenezo zinandipweteka kuposa ndodo za asilikali.

Ndikuthokoza Mulungu amene anatsegula pakamwa pa munthu amene ndinamuimba ndekha, pamene odya nawo mbale imodzi anali chete. Inu amene muli m'mayesero, musaleke kupemphera, ngakhale pemphero likutuluka ndi mkwiyo, pakuti amamva ndithu. Koma mundikumbukire inenso. Mmodzi mwa amayi a pamsika aja ndimakhala naye benchi imodzi Lamulungu lililonse, ndipo akanditambasulira dzanja la mtendere, ndimaona chala chomwe chinandiloza.